Madisiki Awiri

Foni yachitatu itafa ndi zithunzi zake m'mimba
ndinati basi,
ndatopa kusunga ubwana wa ana anga m'thumba la malaya.

Loweruka ndinapita pa Kamuzu Road,
kuseri kwa ogulitsa matayala,
kumene Bwanali amakhala pakati pa makompyuta otumbula.
Ndinamuuza ndalama zimene ndinali nazo.
Sanaseke. Anangopukuta magalasi ake ndi kolala.

Yoyamba inali yakuda, ya nyali zobiriwira m'mbali.
Maso anga anakakamira pomwepo.
Iyo ndi ya anyamata a masewera, anatero,
imathamanga, koma magetsi imadya ngati ayironi.
Inu mukufuna nkhokwe, osati njinga yamoto.
Munaonapo nkhokwe ikuthamanga?

Anakoka pansi pa benchi kabokosi kotuwa
kochokera ku ofesi ina imene inatsekedwa chaka chatha.
Pamwamba pake panali banga la kapu ya tiyi
ya munthu amene sindidzamudziwa.
Ubongo wake ndi wakale, anatero, koma sutentha msanga,
ndipo ku Salima kuno, mu Okutobala,
chosatentha msanga ndiye dolo.

Pa disiki mpamene tinakangana.
Ine ndinkafuna imodzi yaikulu
yoti mulowe ukwati wonse wa Esinta,
makaseti a kwaya amene ndinasamutsa movutikira,
ndi makatuni oti adzukulu azikhalako chete.
Bwanali anapukusa mutu.
Tengani awiri ang'onoang'ono,
ina izilemba zonse zimene inzake yalemba.
Ndiye kuti ndilipire kawiri malo amodzi?
Eya. Disiki sidwala nthawi yaitali, achimwene.
Imangoti kete, kete, usiku umodzi,
kukacha mwapeza maliro.

Anandipatsa atatu kuti ndimvetsere akuzungulira.
Ndinagunditsa khutu monga achitira a namwino pa mimba.
Iwiri inkapuma mosalala.
Yachitatu inali ndi kachifuwa kapansipansi,
ndipo ndi imene inali yotchipa.
Ndinaigwira nthawi yaitali ndisanaibweze.

Fani anandipatsa yaulere,
anaizula m'chibokosi china chimene chinapsa ndi mphezi.
Koma batire anati musanyengerere,
magetsi akathima disiki ili pakati pa mawu
imaluma lilime.
Ndinawerenganso zotsala m'manja. Sizinakwane.
Matumba awiri a mpunga amene ndinasungira Khirisimasi
anakwera kabaza Lolemba m'mawa,
mayi a Esinta ataima pakhomo, manja m'chiuno,
osanena kanthu.

Tsopano kabokosi kali pansi pa tebulo pabalaza.
Pakamwa pa fani ndinamatapo chidutswa cha neti yakale
kuti fumbi lizitsala kunja.
Miyendo yake inayi ndinaiika m'zivindikiro za mabotolo
zothira oyilo wakuda,
poti nyerere zakuno zimakonda malo ofunda
kuposa shuga.

Dzulo magetsi anathima pa fofi koloko ya usiku.
Mzere wathu wonse unada bii,
koma pansi pa tebulo kanyali kamodzi kanatsala
ndi kaphokoso ngati ka munthu wogona bwino.
Ndinatsegula kanema wa masekondi khumi ndi limodzi.
Malemu bambo ali pa mpando wa pulasitiki,
tayi yapotoka, akuyang'ana molunjika,
ndipo akufunsa, kodi chikujambula chimenechi?
Palibenso china ananena.

Mayi a Esinta anati bwerezanso.
Ndinabwereza.

Bambo akufunsa funso lawolo m'madisiki awiri tsopano.
Bwanali akuti sizinakwanebe:
wakuba akalowa sasankha, amanyamula bokosi lonse,
choncho yachitatu ikufunika,
yoti izikagona kwa achemwali anga ku Chipoka.
Ndamuuza kuti adikire mpunga wa chaka chamawa.
Wati asunga imodzi yopanda chifuwa.