Msana wa Nangozo

Eni ake amamutchula Sienna.
Ine ndimati Nangozo,
chifukwa akapsa mtima amayang'ana cham'mbali
ngati mlamu wanga wa ku Bilila.

Chaka chatha anayamba kuluma.
Ukangotuluka ndi chishalo m'chipinda cha zikopa,
makutu kumbuyo, mano panja.
Bwana Lourens anati ndi mwano.
Dokotala anati mwina m'mimba.
Ine sanandifunse,
chonsecho ndine ndimamupesa m'mawa uliwonse,
chisanu cha ku Kyalami chitaumitsa madzi m'chomwera,
ndipo ndinali nditaona kale
timadontho tiwiri ta ubweya woyera
kuseri kwa mapewa, uku ndi uku,
ngati pamene pagwera phulusa la ndudu.
Bala la hatchi likapola limamera imvi.

Lachiwiri lina kunabwera Mayi Dikeledi Rampou,
osoka zishalo a ku Walkerville,
pa kagalimoto ka chitseko chomanga ndi waya.
Bwana anatambasula dzanja, iwo anayamba ndi hatchi,
kumulola anunkhize zala zawo zakuda ndi phula.
Kenako: "Amamusamalira ndani?"

Anandigwiritsa waya wofewa.
Tinaupinda pa linunda, pakati pa msana, cha ku chiuno,
n'kumalemba kupindika kwake pa katoni ya sopo.
Phewa lamanzere linakula kuposa linzake.
Msana waufupi, wotakata ngati mgolo.
"Chakale chija anachisemera hatchi ina," anatero,
"hatchi ya pa chithunzi, yosapuma mpweya."

Bwana ankafuna maluwa:
chikopa chogoba masamba, nyanga ya siliva,
dzina lawo kumbuyo monga akauboyi a pa kanema.
Mayi aja anati zonsezo zibwera,
koma anatsitsa kaye mafupa asanu a zishalo,
mitengo yokhayokha, yosavala kanthu,
n'kumaika pamsana limodzilimodzi.
Loyamba linagwedera ngati benchi la ku shabini.
Lachiwiri linagunda kutsogolo ndi kumbuyo kokha,
pakati mlatho, dzanja langa kudutsa osakhudza.
Lachitatu tisalitchule.
Lachinayi linangofika n'kukhala phee,
zala zanga zitatu kulowa pansi pa nyanga,
phewa kumayenda momasuka kunsi kwake.
Nangozo anatulutsa mpweya wautali
n'kunyambita milomo.
Lachisanu linabwerera m'galimoto osayesedwa.

Atatchula mtengo ndinawerengera chamumtima:
malipiro anga a miyezi isanu ndi iwiri,
malata onse a nyumba yanga yosafolera kumudzi,
ndi chenji cha misomali.
Ndinapitiriza kugwira chingwe.

Chinatha masabata khumi ndi awiri.
Chinafika chikununkha mafuta ndi ng'ombe,
chikulira pang'ono ngati chitseko chatsopano.
Ndinamanga lamba wa pamimba ndikudikira mano.
Sanabwere.
Bwana anazungulira bwalo mpaka fumbi kufika ku mabulugamu,
ndipo titachotsa chishalo
mayi aja anandikodola: "Thukuta ndi kalata ya hatchi. Werenga."
Msana wonse unali utanyowa mofanana,
popanda chisumbu chouma,
popanda ubweya wotembenuka.

Bwana anajambula maluwa aja ndi foni.

Ndikunyamula mafupa otsala kupita ku galimoto
mayi aja anaima, maso pa mayendedwe anga.
"Jombo zimenezo n'za nambala yanji?"
"Seveni."
"Nanga phazi?"
"Eyiti. Anachita kundipatsa."
Zaka zinayi, kuchokera ku Diepsloot kufika pa geti,
kuchokera pa geti kufika ku makola,
ndipo munthu amazolowera, amangopinda chala chachikulu.

Sananene za mtengo, sanalonjeze tsiku.
Anang'amba katoni ina, n'kuiponya pansi.
"Vula. Ponda apa."
Pensulo inazungulira chidendene changa, yozizira,
inadutsa pa chikanga, n'kukhota.
Nangozo anasuzumira pa khola,
akutafuna udzu, kumationerera.