Khoswe Nambala 14

Ndamubaya naini koloko usiku,
kadontho chabe, pansi pa khungu la pakhosi,
n'kumuika m'bokosi loyera
momwe kuwala kosaoneka kumawerenga mapazi ake.

Kunja, Kraków wafunda chipale chofewa.
Basi yomaliza yadutsa yopanda munthu.

Poyamba ali phee. Kenako wauyatsa:
ngodya iyi, ngodya iyo,
kuima ndi miyendo iwiri, kutsika, kuimanso,
ngati wataya chinthu chomwe sanakhalepo nacho.
Chakudya sakuchiyang'ana n'komwe.
Kompyuta ikuti wadutsa ka 912.

Pofika leveni liwiro latha.
Wasankha kamalo kamodzi, kochepa ngati ndalama yachitsulo,
akununkhiza, akunyambita,
mutu uku, mutu uko, maso ali tong'o.
Pulofesa Wojtasik amati zikatere tizilemba 6.
Ndalemba 6.

Sabata yatha mlingo womwewu unangomuyendetsa pang'ono.
Mankhwala sanasinthe, thupi ndilo laphunzira.
Mawa, osabayidwa, tikamutsegulira zipinda ziwiri
adzathamangira cha mizeremizere chija,
kukadikira pomwe zinamukomera.

Mlongo wanga Zbyszek anateronso m'khitchini mwa mayi
atabwera ndi lole kuchokera ku Hamburg, masiku atatu osagona.
Anamasula wailesi yonse,
tizitsulo n'kutindandalika patebulo,
tatikulu uku, tating'ono uku,
n'kusokoneza, n'kuyambiranso, mpaka kunja kuyera.
Sindinamulembere nambala.
Ndinangoti, "Tiyi akuzizira."

Pa fomu palibe mzere wa zimenezo.

Folo koloko. Wagona tsopano,
wadzipinda ngati chibakera cha khanda.
Ndamusinthira madzi, ndasaina,
koma dzanja langa lachedwa
pa chivundikiro.