Wolankhulira Zithunzi

Nyumba iyi, kuseri kwa siteshoni ya Salima,
poyamba inali nkhokwe ya thonje.
Loweruka ankakankhira mabelo kukhoma
n'kupachika nsalu yoyera ya m'sitolo mwa mwenye Dawudi,
yomwe Lolemba ankaibwezera pa shelefu, akuti ndi yatsopano.
Pakhomo unkalipira kobiri loboola pakati,
kapena mazira awiri, mwenye akadzuka bwino.

Zithunzi za nthawiyo zinalibe mawu.
Azungu ankangoyasama pansalu ngati milamba m'matope.
Ndiye agogo anga, Amidu Kaphaizi,
amene sukulu anaionera pawindo,
ankaima pambali, nawabwereka lilime.
Wachipewa chachitali ankati ndi kapitawo wa msonkho,
mkazi wolira pakhonde akulirira ngongole ya mchere.
Hatchi ikathamanga ankaomba ntchafu zawo,
phaphata phaphata, mpaka kufika nazo kunyumba zitatupa.
Bayisikopo yomweyo ikabweranso mwezi wamawa
kapitawo uja anali atasanduka mkamwini
wothawa khasu kwa apongozi.
Palibe anapempha kobiri lake.

Tsiku lina sitima inatulukira pansalu, kulunjika anthu.
Amtengatenga a pasiteshoni sanasunthe n'komwe.
Mmodzi anakuwa kumbuyo:
Bodza ilo, sitima yanji yofika pa nthawi yake!

Kenako makina ena anatsika m'bogi, okhala ndi pakamwa pakepake.
Zithunzi zinayamba Chingelezi cha m'mphuno.
Agogo anawapatsa tochi, azilozera anthu mabenchi.
Akuti anamvetsera mwezi wathunthu
n'kupukusa mutu:
Anthuwa ndikamawalankhulira ine anali anzeru.

Zotsatira ndaziona ndekha.
Denga linadontha, mwenye anapita ku Limbe.
Munalowa vidiyo ya jenereta,
ife tikuba mabotolo kuti tikaone akarate,
n'kutuluka tikumenya mateche nthochi za eni.
Munalowa mpingo wa ng'oma zamagetsi,
unagawikana pa nkhani ya chopereka.
Lero muli matumba a fetereza,
ndi mphaka amene salipira khomo.
Misomali inayi ya nsalu ija ikadalipo,
umodzi akoloweka kalendala ya chaka chatha.

Dzana ndinakhala pakhonde pake kudikira minibasi ya ku Chipoka.
Tiana titatu tinaunjikana pa foni yosweka galasi.
Pa kagalasipo Matchaina awiri akuuluka ndi malupanga,
koma mawu ndi a mnyamata wina wa kwathu konkuno,
akuti akulimbirana ndalama za banki m'khonde,
wina anadya mbuzi ya chinkhoswe.
Tianato tikugubuduzika m'fumbi ndi phwete.

Ndinafuna kuti nditiuze za Amidu,
za ntchafu zotupa, za tochi.
Minibasi inaimba hutala, kondakitala atandigwira kale chikwama.
Ndinakwera pakamwa pali yasa,
mawu osatuluka.