Mutu Wometa Theka

Magetsi athima ndili pakati pa mutu wa a Matewere.
Makina angoti zii m'dzanja langa,
kumanzere kwayera, kumanja kukadali thengo.
Kunja chiperoni chameza phiri la Ndirande,
ndipo munthu wometa theka sayenda pamsewu.
Ndiye takhala.

Ligi ili pa tchuthi, mpira wagona,
koma pakamwa sipadziwa tchuthi.
Bwanali wavula kapusi yake yabuluu,
akuisisita ngati mwana wodwala.
"Kamphepo tamutenga," akutero. "Wasaina dzulo."

A Matewere atembenuka, nsalu yanga ili m'khosi.
"Mwatola zomwe ife tataya.
Bondo lija likamathamanga limalira
ngati chitseko cha bafa."
"Nanga zigoli zisanu ndi zinayi zija
anamwetsa ndi bondo la yani?"
"Zitatu zinali mapenate.
China mpira unangomuwomba akuyang'ana kwina."
"Mwezi watha munkati ndi mwana wanu."
"Mwezi watha anali ndi ulemu."

Sambani wa kabaza, amene timu yake
imasintha malinga ndi amene wamugulira tiyi,
akuwerenga mapointi pa zala.
Zala zatha, wabwereka za Bwanali.
Akuti ofiira atsogola ndi anayi,
koma abuluu ali ndi masewero amodzi m'thumba.
"M'thumba lobowoka," a Matewere atero.

Ine sindilowerera.
Wometa alibe timu, ali ndi lendi.

Koma ndikukumbuka tsiku lija la Meyi
titayenda wapansi kudzera ku Makata mpaka ku Chichiri,
nzimbe paphewa, mtedza m'thumba,
a Matewere atafika pageti n'kupeza ndalama yaperewera.
Analipira ndi Bwanali yemweyu.
Analowa limodzi, n'kukakhala motalikirana,
wina uku, wina uko, bwalo lonse pakati pawo,
kutukwanizana ndi manja mphindi makumi asanu ndi anayi.
Pobwerera mvula inawapeza pa Ginnery Corner,
anafunda jekete imodzi.
Nkhani imeneyi saikamba.

Pakona pakhala mtsikana ndi foni yakufa,
wabwera kudzatchaja, nayenso akudikira magetsi.
Nthawi yonseyi amangoyang'ana zikhadabo zake.
A Matewere atafika pa mawu oti wadyera,
mwana wogulitsa mtundu wake ndi mbale ya mphodza,
iye wadzutsa mutu.

"Ndi achimwene anga," watero.
"Kwathu ku Chilomoni denga linkadontha malo asanu.
Mvula ikagwa usiku amayi ankagona chokhala,
beseni pamiyendo.
Malata afika Lachiwiri, makumi awiri ndi anayi.
Jezi yofiira ija anandipatsa kuti ndichape.
Ndinachapa, ndinasita,
anaipinda okha n'kuika pansi pa matiresi.
Sanadye tsiku limenelo."

Chete.
Kwamveka madontho pa malata anga,
ndi kondakitala patali akuitanira a ku Limbe.
Bwanali wabweza kapusi kumutu mosanyada.
Sambani wapinda zala zake zonse.
A Matewere akuyang'ana pagalasi
munthu wa mitu iwiri amene akuwayang'ananso.

Kenaka babu laphethira, wailesi yatsokomola,
makina adzuka m'dzanja langa.
Ndagwira khutu lawo, ndayamba kugwetsa thengo lija.
Tsitsi la imvi likugwera pansalu.

"Iwe mwana," atero osatembenuka,
"ukamuuze bondolo azilithowa ndi madzi otentha.
Asamalimbe mtima ndi mabwalo ouma.
Akadzakumana ndi ife ndidzamukuwiza ndithu,
ndidzaima pa benchi, mawu mpaka kusasa,
asadzadabwe.
Koma malatawo akhome ndi misomali ya zisoti,
inayi ija imadzimbira msanga."

Bwanali waseka mpaka kutsokomola.
"Tikiti ya tsikulo mudzalipira nokha."
"Ndinakupempha?"

Foni ya mtsikana yayaka.
Ndasesa tsitsi, ndalandira ndalama yanga,
yoperewera pang'ono, monga mwa masiku onse.