Nambala 214

Ku Akita chipale chofewa chakwirira mipanda.
Ndimafika kuchipatala kusanache,
kuyatsa kompyuta, kupukuta magalasi,
n'kuyamba kuwerenga anthu amene ndinawasandutsa manambala.

Alipo mazana atatu, onse khansa ya m'chifu.
Theka akumwa mankhwala atsopano,
theka akumwa akale aja m'chikutu chofanana.
Maere anachita ndi makina.
Iwo sadziwa, inenso sindidziwa,
kafukufuku amafuna tonse tiyende chotseka maso.

Nambala 214 ndi a Kumagai.

Zaka khumi ndi zisanu zapitazo
ndinkaima kumanzere kwawo, thukuta lili kamukamu,
iwo akukhomera chitsulo m'fupa la ntchafu.
Gho, gho, gho, kenako ngwe.
"Wamva, Tomoe? Lasintha mawu.
Likati ngwe, ika nyundo pansi.
Kumenya kumodzi kowonjezera, wang'amba munthu."
Anatha zaka akujambula kulira kwa mafupa,
kufuna kuti khutu lawo lilowe m'makina
kuti ophunzira asamachite kulota.
Pepala lawo linakanidwa kawiri.
Kachitatu linatuluka, masamba anayi okha,
analipachika pafupi ndi pomwe ankaphikira tiyi.

Ine mafupa ndinawathawa.
Ndinapita ku zofewa, zobisala,
kumene chotupa chimakula osalira n'komwe.
Sanandilankhule chaka chathunthu.

Lero agona pabedi lapazenera,
chifu chawo chinatsala kachigamba.
Amadya kasanu ndi kamodzi patsiku,
phala la mpunga, timasipuni titatu, basi.
Munthu amene ankanyamula mwendo wa mlimi ndi dzanja limodzi
sikelo ikuti makilogalamu makumi anayi ndi asanu ndi awiri.
Ndalemba. Ntchito yanga ndi kulemba.

Akweza malaya, kuloza chipsera.
"Anasoka ndani apa? Ulusi wapendama."
Ndiseka. Iwo saseka.
Kenako chapansipansi:
"Ndili gulu liti?"
Ndikuti sindikudziwa, aphunzitsi.
Andiyang'ana nthawi yaitali
ngati akufuna mng'alu pachithunzi cha fupa.
"Chabwino. Ukanadziwa, ndikanakudzudzula."

Masana kwabwera mayi Hatakeyama a kumunda wa maapozi,
zaka makumi asanu ndi atatu, opanda ndodo.
Atsika basi, ayenda okha m'chipale
pa chiuno chachitsulo chimene a Kumagai anaika
ine ndisanaphunzire n'kugwira mpeni komwe.
Abweretsa ndiwo zoviika mumchere, zofukiza utsi,
zomwe zija timafunsa pa tsamba lachitatu:
mumadya kangati pamlungu? kuyambira muli ndi zaka zingati?
Namwino afuna kulanda.
A Kumagai akuti zisiyeni, ndingonunkhiza.

"Tayendani ndione."
Mayi aja ayenda kukafika pakhomo, n'kubwerera.
Kawiri.
Dokotala atseka maso, akumvetsera mapazi.

Usiku ndatsala ndekha ndi mizere iwiri pagalasi,
wina wotsika msanga, wina wotsika mozengereza.
Sizidzadziwika mpaka zaka zitatu
kuti mzere uti ndi wa mankhwala ati.
Pamenepo padzakhala msonkhano, maikolofoni, khofi wozizira,
wina adzaimika dzanja kufunsa za kadontho kamodzi
kamene kagwa pa mwezi wachisanu ndi chinayi,
kapena kamene sikanagwe.
Ndidzayankha ndi mawu a ntchito.

Sindidzanena kuti kadonthoko
kanali ndi zala zonunkha sopo wa m'chipinda cha opaleshoni,
kuti kanasayina chikalata chovomera osawerenga n'komwe
n'kunena kuti, "Ndadula anthu ambiri kuti ndiphunzire.
Tsono phunzirani pa ine."

Ndisanapite ndisuzumira m'chipinda.
Sanagone.
Akugogoda chitsulo cha bedi ndi kasipuni,
pang'onopang'ono, kuyambira kumutu kutsikira kumiyendo.
"Bedi ili lili ndi nati yomasuka," akutero.
"Mawa ubwere ndi sipanala."

Ndalemba padzanja, osati mufomu.
Panja galimoto yokankha chipale yadutsa kale,
msewu wayambanso kuyera.