Zimene Mpweya Sunauzidwe

Ku São José dos Campos mvula yayamba cha m'ma 10 usiku.
Alonda akhoma geti la kuseri,
ine ndatsala ndi chipaipi chachitsulo, mamita khumi ndi awiri,
chogona pamiyendo yake pakati pa chipinda.

Mawa a Wanderlei adzatsekera kachitsulo kopyapyala m'kati mwake,
atakalemba mtanda ndi mpeni
kuti kadziwe pong'ambikira.
Adzapopera hiliyamu mbali imodzi mpaka kagonje.
Yanga ndi ya usiku uno:
kuwauza zimene zidzachitike zisanachitike,
kuti galasi loonera lisasweke,
kuti zoyezera zimene tinadikira miyezi isanu zisapse.

Ndilemba m'pulogalamu:
mpweya wamba, wochepa, wofatsa, madigiri 300.
Liwiro la funde, makilomita asanu pa sekondi.

Buku langa la chaka chachiwiri, lothothoka chikuto,
limati kuseri kwa fundelo kudzatentha kupitirira 12,000,
limatinso mpweya sungapanikizike koposa kasanu ndi kamodzi
ngakhale uumenye chotani.
Bukulo limaganiza kuti chomenyedwa
chimakhalabe chomwe chinali.

Pulogalamu siikhulupirira zimenezo.
Imayerekeza, iwerenga cholowa ndi chotuluka,
ipeza kuti sizikufanana, ibwerera,
iyerekezanso,
ngati mayi wa pamsika wa Loweruka
wosavomera kutseka thumba ndalama zisanakwane.
Ulendo wachisanu ndi chiwiri yakhala chete.
5,500.
Kupanikizika kwapitirira kakhumi.

Nanga kutentha kwinako kwapita kuti?
Kwadyedwa ndi kulekana.
Maatomu awiri a okosijeni
amene akhala ogwirana kuyambira kale
atayana manja, onse, mpaka m'ndandanda mwatsala pafupifupi ziro.
Nayitirojeni ndi wouma mutu,
koma nayenso wayamba kumasuka zala.

Chimene chimandiimitsa nthawi zonse ndi ichi:
funde limathamanga kuposa mawu.
Mpweya wa kutsogolo sumva kanthu.
Palibe kalikonse kangathamange kukauchenjeza.
Uli phee, madigiri 300,
kufikira nthawi imene suli.

Ndinkasenda nachesi pokwerera basi
pamene foni inalira.
Valdeci, njinga yamoto, msewu wa Dutra, lole ya simenti.
Anali atapita kale maola awiri
ine ndikutsutsana ndi Jussara za mtengo wa lendi.
Nachesiyo ndinaimaliza. Sindidziwa chifukwa chake.

Amayi ndi abambo, zaka 31 ali limodzi,
analekana Isitala isanafike,
popanda kukalipirana, popanda mbale yosweka.
Abambo anatenga wailesi ndi galu, ulendo wa ku Taubaté.
Achibale anati nyumbayo yazizira msanga.
Ine ndikudziwa kumene kutenthako kunapita.

Pulogalamu imandipatsa mapeto okha,
pamene zonse zamvana,
zosweka ndi zotsala zagawana malo,
palibenso chofuna kusintha.
Sikuti zabwerera mwakale, ayi.
Zangopeza pokhala pena.
Koma pakati pa funde ndi batalo pali kampata,
masentimita ochepa,
pamene mpweya wamenyedwa koma sunadziwe chochita,
ukutenthabe monga buku linanenera.
Za kampatako pulogalamu ilibe mzere.
Siifunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji.

Mvula yakula padenga la malata.
Ndisunga fayilo, ndiipatsa dzina la tsiku la mawa.
Pakapepala kachikasu ndilembera a Wanderlei:
galasi lipirira,
choyezera chachitatu chisunthireni kumbuyo.
Ndimata pa chipaipi, pafupi ndi mabawuti.

Pafoni pali uthenga wa amayi, wa dzulo,
akufunsa ngati ndikudya.
Chitsulo n'chozizira pachikhato.
M'kati mwake muli mpweya wa m'chipinda chino,
womwe ndakhala ndikupuma usiku wonse.
Ndizimitsa magetsi.
Sindiuuza kanthu.