Mikanjo Iwiri

M'kabati ya bambo ndapeza mikanjo iwiri
yokolekedwa pa msomali umodzi.
Wakuda wa kuguwa, woperepeseka m'zigongono,
ndi wina wa mizere yofiira, umene anawaveka
tsiku lomwe yunivesite inatsegulidwa ku Accrington.
Njenjete sizinasankhe, zalawa yonse.

Wilfred Trembath, mwana wa munthu wa mumgodi ku Cornwall,
anaphunzira kuwerenga m'buku la nyimbo
poti kwawo buku linali lokhalo.
Zaka khumi ndi ziwiri anazungulira matchalitchi a Methodist panjinga,
Lamulungu limodzi maulaliki atatu,
buluku atalimanga ndi mphira mu akakolo,
mvula ikulowera pa kolala yoyera n'kutsikira kumsana.

Kenako kunabwera kalata: dzatsogolereni.
Amayi anafunsa, kutsogolera chiyani?
Kunali fakitale ya nsalu yotsekedwa,
mawindo osweka, nkhunda kudenga,
ndi ophunzira zana limodzi ndi asanu ndi anayi
amene makolo awo anathera mapapo m'nyumba yomweyo.

Aphunzitsi ankanong'ona: atipatsa m'busa
ife tikufuna munthu wodziwa ndalama.
Bambo anamva.
Anapita kukhonsolo ndi mbale ya chopereka m'chikwama,
anaiika patebulo la makhansala,
anakhala pansi, anapinda manja, duu.
Boyila inagulidwa mwezi womwewo.

Sindikunena kuti anali mngelo.
Anachotsa ntchito a Ogden, mphunzitsi wa masamu,
pa nkhani ya botolo m'dirowa,
ndipo chisanu chotsatira a Ogden anawapeza m'chipinda cha lendi
atauma kale.
Miyezi itatu bambo sanakwere guwa.
Ife kunyumba tinkawadziwa ndi msana:
nyali ya padesiki, tiyi wozizira pambali.
Tsiku limene ndinakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi
anali ku London, kukapempha laibulale.

Chaka chomwe ophunzira anadzitsekera mu ofesi yawo
kukana kukwera kwa fizi,
sanaitane apolisi.
Anatenga mabulangete ndi supu m'ndowa,
anakhala pamasitepe, kunja kwa chitseko chawo chomwe,
usiku uwiri, akutsutsana nawo pa kabowo ka kiyi.
Fizi inakwerabe.
Mmodzi mwa anyamata aja, tsopano wadazi,
ndiye ananyamula nawo bokosi sabata yathayi.

Atapuma ntchito anabwerera ku katchalitchi ka anthu khumi ndi mmodzi.
Ankayala mabuku m'mabenchi, ankatsuka makapu.
Kumapeto anaiwala dzina la yunivesite,
anaiwalanso langa.
Ndikalowa ankandigwira dzanja ngati mlendo wolemekezeka:
Mayi, boyila yayaka kodi?
Ana aja asazizidwe.

Lero dzina lawo lili pa nyumba ya magalasi
momwe ana amagulamo khofi,
ndipo amalitchula mokhotetsa.
A kuyunivesite alemba kalata, akufuna wofiirawo,
akuti akausunga pamalo poonekera.
Wakudawu palibe waufunsa.

Ndauvala ndekha m'chipinda muno.
Manja ake andipitirira zala.
Ukununkha chinyontho ndi mafuta a njinga,
ndipo m'thumba lakumanzere, pansi pa tikiti ya basi,
ndapeza mphira ziwiri zija.
Imodzi yaduka nditangoikoka.